Msinkhu wa Tikondwe

Mlongo wanga Elifala anabadwa wofatsa, ndipo kufatsa kwakeko kwandipsetsa mtima moyo wanga wonse. Tili ana kwathu ku Nachisaka, mnzake akamulanda nzimbe iye ankangoima n'kumayang'ana nzimbe yake ikutafunidwa. Ndewu zake ndinkamenya ndine, mkulu wake Monika, ndipo mpaka lero ndili ndi chipsera pachigongono chimene chinayenera kukhala pa iye. Amayi ankati mwanayu adzakhala mbusa. Ine ndinkati adzakhala mphasa, aliyense azidzapondapo. Lero ndi munthu wa imvi, amalima soya ndi kuimba belu la tchalitchi, ndipo achinyamata akamupatsa moni sadziwa kuti mdala ameneyu anapasulapo banja ndi thabwa.

Sukulu anaphunzira ya mishoni mpaka Sitandade 8, koma dzina lake silinatuluke ku sekondale. Anakwatira Susana, mtsikana wa kumapiri a Ntchisi amene anakumana naye pa msonkhano wa makwaya. Poti munda kwathu unali wochepa, anatenga mkazi wake n'kukalowa utenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Madisi. Ndikunena pamaso pa Mulungu, Susana ndinamulandira ngati mng'ono wanga. Chitenje chake choyamba cha pabanja ndinamupatsa ndine, changa chatsopano chimene ndinali ndisanavalepo.

Mwana wawo anabadwa chaka cha chilala chija, 1992, chimanga chitapserera m'minda. Anamutcha Tikondwe. Kanali kamwana kochepa, koma mphuno ndi makutu zinali zakwathu, panalibe chofunsa. Chaka chomwecho pa esitetipo panafika anthu a kafukufuku ali ndi sikelo yopachika mumtengo ndi thabwa loyezera msinkhu. Ankalemba makanda onse obadwa chaka chimenecho, a pa maesiteti ndi a m'midzi yozungulira, ndipo ankati adzawatsatira ana omwewo mpaka atakwanitsa zaka khumi. Tikondwe analembedwa pa dzina la mayi ake. Onse ankalembedwa choncho, poti a kafukufukuwo anali ataona kuti kuno kwathu bambo amasintha koma mayi sasintha. Tinaseka titamva zimenezo, osadziwa kuti akunena ife.

Kenaka kunabwera matipate. Chaka cha mavoti nsalu za zipani zinkagawidwa paliponse, ndipo pa esiteti panatulukira telala wina dzina lake Kalebe, makina atamangirira pa kaliyala ya njinga. Anakhazikika pakhonde la sitolo n'kumasoka madiresi a nsalu za zipani zonse, osasankha. Anali ndi mpata pamano, pakamwa potsekemera, ndi tepi pakhosi imene ankazunguliza m'chiuno mwa akazi a eni dzuwa likuswa mtengo, amuna awo ali m'zigafa. Mlamu wanga atamva pa wailesi kuti tsopano munthu ali ndi ufulu wosintha chipani, iye anasintha mwamuna. Elifala anabwerako ku chigafa manja ali bii ndi utomoni wa fodya, n'kupeza m'nyumba mulibe mkazi, mulibe mwana, ngakhale kabeseni kosambitsira mwana kanapita.

Alipo amene amamuikira kumbuyo Susana. Amati phoso la pa esiteti linkatha mwezi usanathe, mwana n'kumagona ndi njala. Ndani sankagona ndi njala zaka zimenezo? Ife ena amuna athu tili nawobe.

Tinakwera mapiri aja ndi ankhoswe kukakamba mlandu. Mwini mbumba kumeneko anali Petulo, mlongo wake wa Susana, munthu wamfupi wa mawu ochepa. Zoti ukwati watha panalibe wotsutsa. Koma Elifala atafunsa za mwana, Petulo anati, "Alamu, tambala satenga anapiye. Mwanayu ndi mbumba yanga. Ndipo musamabwerebwere pano, mungasokoneze banja la eni."

Banja la eni! Kalebe anali atakhala poteropo, akutokosa m'mano ndi kamtengo. Ine ndinanyamuka kuti ndikamulavulire, ankhoswe n'kundigwira chitenje. Elifala anangotola chipewa chake nati, "Zikomo, alamu." Ndinamutukwana njira yonse mpaka ku Nachisaka.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti munthu wofatsa akasunga chakukhosi amachisunga ngati mbewu, pouma, posafika anankafumbwe. Utenanti anausiya, n'kudzamanga kanyumba pafupi ndi yanga. Dzina la Susana sankalitchula. Tsiku lina tikupalira, ine ndikumunyogodola monga mwa masiku onse, anaimika khasu nati, "Achemwali, mlandu suola." Ndinamuyang'ana kumaso, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti tinabadwa mimba imodzi.

Chaka chotsatira kutchalitchi analengeza kuti a kafukufuku aja akufuna munthu wodziwa kulemba, wodziwa moyo wa matenanti, woti azilondola ana amene anasamuka. Mkulu wa ntchitoyo anali Mayi Eveline, mayi wamtali wa magalasi wochokera ku Lilongwe, amene ofesi yawo inali chipinda chimodzi cha lendi pa Madisi. Mawu amene anamuuza Elifala tsiku lomulemba ntchito ndimawadziwa, poti iye anawaloweza ngati katekisimu n'kudzandibwerezera.

"Kuyeza ana ambirimbiri tsiku limodzi n'kosavuta," anatero mayiwo, "koma kumangokuuzani mmene alili tsiku limenelo. Ife tikufuna kuona mwana mmodzimodziyo akukula bwanji, njala ikamupeza amaima liti, chimanga chikacha amayambiranso liti. N'chifukwa chake timayeza ana omwewo kawiri pachaka, m'nyengo ya njala ndi pambuyo pokolola. Mwana akasowa, simungatole wina wofanana naye n'kuikapo. Ndipo amene amasowawo safanana ndi otsala. Tenanti amathawa pa esiteti zinthu zikamuvuta. Tikamayeza okhawo amene atsala, tidzalemba kuti ana a matenanti ndi onenepa, pamene owondawo anangosamuka."

"Nanga mwana akapita kutali, mayi?" anafunsa Elifala.

"Mumutsatire konko."

"Eni mudzi akandikaniza?"

"Chilolezo tili nacho, cha boma ndi cha mafumu. Amene angakuletseni kuyeza mwana ndi mayi ake okha."

Elifala sananene kuti mwa ana osowawo mmodzi ndi magazi ake, ndipo pa mapepala a ofesi panalibe chomuulula. Khomo limene mwambo unamutsekera, kafukufuku anamutsegulira, kawiri pachaka, mpaka mwanayo atakwanitsa zaka khumi. Zimene ankafuna zinali ziwiri, ndipo anandiuza mosabisa: kumuona Tikondwe, ndi kumuona Kalebe akutsika phiri lija ndi manyazi amene iye anatsika nawo.

Ntchito ankaigwira bwino, zimenezo ngakhale adani ake sangakane. Anamupatsa njinga ya ofesi, thabwa ankalibereka kumsana, sikelo pa kaliyala. Polemba ana poyamba paja, mayi aliyense anafunsidwa funso limene ambiri anadabwa nalo, lakuti mukadzamwalira adzakakuikani kuti. Tenanti amakhala malo ambiri, koma manda a kwawo ndi amodzi. Elifala ankayambira pamudzi wa mandawo, kufunsa amalume a mwana, kenaka n'kutsata mphekesera esiteti ndi esiteti, ku Mtengowanthenga, kuseri kwa Mponela, mpaka atamupeza. Ena ankawapeza ali m'manda kale, ndipo nawonso ankalembedwa, chifukwa Mayi Eveline ankati imfa si kusowa, ndi yankho. Ana apafupi ankayezedwa ndi anthu awiri, koma akutaliwo ankawayeza yekha, poti galimoto ya ofesi inali imodzi. Manambala a ulendo wapitawo sankamuonetsa. Linali lamulo la ntchito, kuti diso lisamaone zimene mutu ukuyembekezera. M'midzi monse ana ankamutcha bambo wa sikelo.

Ulendo woyamba wa ku Ntchisi malaya ndinamusitira ndine. Atabwerako ndinamukhazika pansi kuti andiuze zonse, osadumpha kanthu. Akuti Petulo atamuona anakwinya nkhope, koma ataona kalata ya boma anamulola kulowa pamudzi. Susana akanatha kukana, koma ana a kafukufuku akadwala kwambiri ankatengedwa pa galimoto ya ofesi kupita kuchipatala cha mishoni, ndipo kumapiri kuja palibe mayi angataye mwayi umenewo. Ndiye Kalebe, monga mwamuna wa pakhomo, anayenera kulowa m'nyumba, kutulutsa mpando, kuupukuta, n'kumuombera m'manja mlendo wa boma. Tangoganizani, munthu anakubera mkazi akukupukutira mpando! Ndinamuuza abwereze pamenepo katatu.

Koma za mwana zinali zina. Tikondwe sanamudziwe. Ataona thabwa anathamangira kuseri kwa miyendo ya Kalebe, akukuwa, "Ababa! Ababa!" Ndipo anali Kalebe amene anamunyengerera, kumunyamula, n'kudzamuimika pathabwapo. Poyeza msinkhu munthu amagwira chibwano cha mwana m'dzanja kuti mutu uwongoke. Elifala anandionetsa chikhatho chake nati, "Chibwano chake chimakwanabe apa, achemwali." Ndinatuluka panja ngati ndikukaona nkhuku, kuti asaone misozi yanga, ndipo ndili komweko ndinamutemberera Kalebe ndi mtundu wake wonse.

Tonse tinkayembekeza kuti mwana wa mwini m'manja mwa mbala adzakhala wowonda, wa tsitsi lofiira, ndipo thabwa lidzatichitira umboni. Sizinatero. Ulendo wachiwiri, njala ili pakati, anamupeza ali ndi masaya, atavala diresi ya zidutswa za nsalu zosokedwa bwinobwino, akukukuta mtedza. Ndikanakonda kukuuzani kuti Kalebe ankamuzunza mwanayo. Sankamuzunza, galu ameneyo, ndipo chimenecho n'chimene sindidzamukhululukira. Anaweta mbuzi ya mkaka chifukwa cha mwana wa mlongo wanga. Elifala ankabwerako kuphiriko nkhope ili gwa, osadya, akungoyang'ana khoma.

Apa ndiyenera kufotokoza kanthu kamodzi ka kwathu. Mwana akayamba kuwonda, kutsokomola, osakula, amayi akuluakulu safunsa kuti wadya chiyani. Amafunsa kuti m'nyumbamo ndani wayenda njira zakunja. Amati ndi tsempho, ndipo wolakwa ndi amene wakagona kwina n'kubwera ndi moto wakewo pafupi ndi mwana. Ife amayi a Chigwirizano kutchalitchi timati zimenezo sitikhulupirira, koma zikamanenedwa timatchera khutu ngati wina aliyense. Tsono Kalebe anali munthu wa misika. Ankanyamula makina ake kupita uku ndi uko, kugona komweko, tepi ija ili pakhosi. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mkazi amene ali nayeyo anamupeza bwanji.

Elifala anaganiza zonsezi payekha. Ulendo wachitatu, amayi a pamudzi atasonkhana kudzaonerera monga ankachitira, anamuimika Tikondwe pathabwa, kulola mawondo apindike pang'ono, n'kukanikiza kathabwa ka pamutu mpaka mwana anatsinzina. Anawerenga nambala mokweza, anaiyang'ananso, n'kupukusa mutu.

"Ha! Mwanayu waima."

Anamanga katundu wake, anathokoza chifukwa cha mpando, nakwera njinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndiye mphatso yokhayo imene mlongo wanga anabadwa nayo.

Ulendo wotsatira unali wa m'dzinja, mvula ili mkati, ndipo anamupeza Tikondwe ali ndi chifuwa, monga ana onse mwezi umenewo. Ine ndinati ndi Mulungu amene watitumizira chifuwacho. Elifala anayeza, kenaka analankhula moti aliyense amve.

"Anzake onse amuposa. Uyu akubwerera m'mbuyo. Ine za matenda sindidziwa, ndine woyeza chabe. Koma zoterezi ndinazionapo panyumba ina ku Mtengowanthenga, ndipo akuluakulu a kumeneko sanachedwe kudziwa chifukwa chake."

Akuti amayi aja anangoyang'anana, kenaka maso onse anatembenukira kwa Kalebe. Iye anayesa kudziteteza. "Akuluakulu, mwanayu akukula. Diresi yakeyi mpendero ndautsitsa ndekha chaka chomwechi, ndi manja angawa." Koma ndani angamvere tepi ya telala pamene thabwa la boma lalankhula? Komanso tepi imeneyo inali ndi mbiri yake. Elifala analemba nambala yaing'ono papepala, yaing'ono kwambiri kuti nkhani ikome, n'kutsika phiri akuimba nyimbo ya kwaya.

Chimanga chisanaume, Petulo anaitanitsa bwalo la pabanja. Mkamwini alibe mizu pamudzi wa eni. Kalebe anauzidwa kuti asankhe, aulule mkazi amene akuyenda naye kuti mwana apatsidwe mankhwala oyenera, kapena achoke. Analumbira kuti palibe mkazi aliyense, ndipo kulumbirako kunangomuipitsira mlandu. Anamanga makina ake pa kaliyala, natsika phiri lija anthu akumuloza. Tikondwe anamutema mphini pachifuwa, n'kumumwetsa mankhwala owawa a tsempho. Chifuwa chinatha chokha mvula itasiya, ndipo mudzi wonse unati mwaona, wochimwa wachoka, mwana wachira.

Tsiku limene uthengawo unatipeza, Elifala anapha tambala wake. Ine ndinavina pabwalo ngati mtsikana, ndipo sindikuchita manyazi kunena. Mwamuna wanga, a Jailosi, amene amakonda kuthira madzi pamoto wa anzawo, anati, "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka." Ndinawauza kuti ngati nkhukuyo sakuifuna asunthe, ena tidye. Anadya.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pokolola. Mayi Eveline anabwerako ku Lilongwe, kumene ankalowetsa manambala onse mu kompyuta, ndipo anamuitanitsa Elifala ku ofesi. Mwana aliyense anali ndi mzere wake wosonyeza mmene wakulira kuyambira ali khanda. Mizere ina inkakwera msanga, ina pang'onopang'ono, ina inkagona m'miyezi ya njala n'kudzayambanso kukwera. Koma umodzi wokha, wa Tikondwe, unakwera bwinobwino, unagona, kenaka unatsika.

"Kulemera kwa thupi kumakwera ndi kutsika, bambo Elifala," anatero mayiwo. "Mwana akatsegula m'mimba sabata imodzi sikelo imaonetsa. Koma mafupa sabwerera. Mwana wa zaka zisanu sangafupike. Tikanamuyeza kamodzi kokha tikanangoti ndi wamfupi, koma uyu timamudziwa kuyambira ali khanda. Kapena thabwa lanu lapindika, kapena anakubweretserani mwana wina. Zimachitika, mayi amatha kutumiza mng'ono wake mwini ali kudimba. Tipitire limodzi tikaone."

Mayiwo sankamuganizira choipa chilichonse. Elifala anangoti, "Chabwino, mayi." Atandiuza, ine sindinaone choopsa. Kalebe anali atapita kale, ndipo thabwa silibweza munthu. Chimene ndinaona n'chakuti kukupita galimoto ku Ntchisi, ndipo ine ndinali ndisanamuone Susana ali mbeta chichokereni Kalebe. Ndinapempha malo, ndikunamizira kuti ndili ndi wachibale wodwala kumeneko. Ndinavala chitenje cha paukwati ndi nsapato zotseka.

Tinafika dzuwa litakwera. Susana tinamupeza akupeta mtedza pakhonde, atawonda, duku lothimbirira, diresi yong'ambika pamapewa, iye amene anali mkazi wa telala. Mtima wanga unazizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Ndinamupatsa moni wautali, ndikufunsa za thanzi la aliyense pakhomopo, mmodzimmodzi, mpaka ndinafunsa kuti kodi abambo a panyumba achokapo. Iye anayang'ana kumbuyo kwanga, kumene Elifala ankatsitsa thabwa.

"Mwabweranso, bambo a Tikondwe? Chatsala n'chiyani choti mutenge?"

Mayi Eveline anavula magalasi. "Mwati bambo a ndani?"

"Simukudziwa, mayi? Mwanayu ndi wawo. Awa ndi amuna anga oyamba."

Mayiwo anamuyang'ana Elifala nthawi yaitali, ndipo iye anayang'ana pansi. Sanakalipe. Anangoti thabwa liikidwe pamalo osalala, mwana aitanidwe, ndipo nambala awerenga okha. Amayi a pamudzi anali atayamba kale kusonkhana, Petulo naye anafika n'kuima chapatali manja kumbuyo.

Tikondwe anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Ndinali ndisanamuone chichokereni pa esiteti, ndipo anali ngati amayi athu enieni, mayendedwe ndi kayang'anidwe komwe. Pakhosi pa diresi pankaonekera zipsera za mphini. Panalibe womunyengerera tsiku limenelo. Anayenda yekha, anakwera pathabwa yekha, anatsamiritsa msana, n'kukweza chibwano.

"Mugwireni mapazi," anatero Mayi Eveline, ndipo Elifala anagwada.

Mayiwo anatsitsa kathabwa ka pamutu, kenaka anaima. "Mwanawe, ponda pansi bwinobwino. Usanyang'ame."

Ndinayang'ana kumapazi. Mwanayo anali ataimira zala zokha, zidendene m'mwamba, timiyendo tikunjenjemera.

"Tsitsa zidendene, mama," anatero Elifala motsitsa mawu.

"Ayi."

"Tsitsa, sizipweteka."

"Ayi! Mukandipeza wamfupi, ababa sabwera." Misozi inali itayamba, koma chibwano sanatsitse. "Anthu anati ababa anachoka chifukwa ine sindikukula. Ndakhala ndikudya zonse. Ndi therere lomwe ndimadya."

Susana anaphimba nkhope ndi lichero. Elifala anagwira tizidendene tija ndi manja onse awiri, n'kutitsitsa pang'onopang'ono mpaka tinakhudza thabwa, ndipo mwanayo analira ngati akumulanda chinthu.

Mayi Eveline anawerenga nambala, anamutsitsa mwana, anamukwezanso, n'kuwerenganso. Kenaka anatembenukira kwa anthu. "Mwanayu ndi wamtali bwino pa zaka zake. Kuti afike apa, ndiye kuti sanaimepo. Manambala awiri apitawo anali abodza."

Amayi aja anayamba kung'ung'udza, aliyense akuti ine ndinanena. Petulo anayandikira, ndipo sanakweze mawu. "Alamu, mwandipusitsa pamaso pa mbumba yanga. Mwandithamangitsitsa munthu wosalakwa, mwandicheketsa mwana. Phazi lanu lisadzapondenso pano, kaya ndi kalata ya boma, kaya ndi ya ndani." Susana anatsitsa lichero n'kuuza Mayi Eveline kuti mwana apitirize kuyezedwa, koma osati ndi munthu uyu.

Tikondwe zonsezo sanazimve. Anamva mawu amodzi okha. Anapukuta mamina ndi mkono, n'kumukoka Elifala malaya, iye akadali chigwadire.

"Bambo wa sikelo, akuti ndine wamtali?"

"Eya, ndiwe wamtali."

"Ndiye mukawauze ababa. Inu mumayenda konsekonse. Mukawauze kuti ndatalika, abwere."

Ndinkafuna kukuwa kuti bambo ako ndi amene wawagwira malayawo, mwana wopusa iwe, ona mphuno! Elifala anandiyang'ana, ndipo ndinatseka pakamwa. Anamukonzera mwanayo kolala ya diresi pamene panali zipsera paja.

"Ndikawauza," anatero.

Pobwerera m'galimoto, titayandikira Madisi, m'pamene Mayi Eveline analankhula, osatembenuka. Anati ntchito yatha, njinga ndi thabwa zitsale ku ofesi. Anati chimene chikuwawawa si mwana mmodziyu, koma ana onse akutali amene Elifala anawayeza yekha. Tsopano sakudziwa nambala iti ndi yoona, ndipo mwana wa zaka zisanu sungamubwezere ku zaka zitatu kuti umuyezenso. Elifala anati ena onsewo anawayeza moona. Mayiwo anati akukhulupirira, koma chikhulupiriro sangachilembe mu lipoti.

Ine mtima unali utayambiranso kuwira. Titafika kunyumba ndinamuuza kuti zilibe kanthu, ntchito ndi ntchito, chachikulu n'chakuti mbala ija inatsika phiri ndipo sidzakweranso. Ndani angakaiuze kuti yayeretsedwa? Petulo sangadzichepetse kukafuna mkamwini amene anamuthamangitsa yekha, ndipo Susana sankadziwa ngakhale kumene mwamunayo analowera. Amene ankadziwa anali mmodzi yekha m'dziko lonse. Elifala anali atamulondola kale mwakachetechete mpaka pakhonde lina la sitolo ku Mponela, kuti azikondwera podziwa pamene mdani wake akuvutikira.

"Ungokhala chete basi," ndinatero. "Mwana aiwala. Ana amaiwala, si anakuiwala iwe?"

Mmawa mwake ndinamumva panja akupempha njinga kwa a Jailosi, akuti ali ndi uthenga woti akapereke ku Mponela. Matayala onse awiri anali ophwa. Ndinathamangira kuchipinda, ndinatenga pampu, n'kuikwirira pansi pa thumba la chimanga, ndipo ndinakhala pathumbapo. Anafunafuna nyumba yonse, anandifunsa, ine ndinati sindinaione.

Anapita wapansi.